Filimu Yopitiriza Anime Imamangirira Pati, Nanga Imaloledwa Kusintha Chiyani?

Mu Ogasiti 1978 anthu ku Japan anadzaza nyumba zoonetseramo mafilimu kukatsanzikana ndi Space Battleship Yamato. Dzina la filimuyo linayamba ndi mawu akuti Saraba, omwe ndi mawu otsanzikira, ndipo inachitadi zomwe dzinalo linanena. Atengambali ambiri amene anthu anawazolowera pa wailesi ya kanema kuyambira 1974 anafera pankhondo, ndipo pamapeto pake Susumu Kodai anatsala m'chombo n'kukachiwombetsa pa chombo chachikulu cha adani. Anthu anatuluka akupukuta misozi. Patangotha miyezi iwiri, mu Okutobala, pa wailesi ya kanema panayamba Yamato 2, yomwe inafotokozanso nkhondo yomweyo koma n'kusiya Kodai ndi chombo chake ali moyo. Mu 1983 filimu ya Final Yamato inafika pobweza Kaputeni Okita, amene aliyense anamuona akumwalira kumapeto kwa nkhani yoyamba, ndipo chifukwa chimene inapereka n'chakuti dokotala analakwitsa pomuyeza.

Papita zaka zoposa 40, koma mafunso awiri amene Yamato inautsa akuzunguzabe mitu ya opanga mafilimu a anime, omwe ndi makatuni a ku Japan. Loyamba ndi lakuti filimu yatsopanoyo ikupitiriza nkhani iti, popeza nkhani imodzi imatha kukhala ndi mitundu itatu: ya m'mabuku azithunzi otchedwa manga, ya pa TV, ndi ya mafilimu obwereza mwachidule. Lachiwiri ndi lakuti filimuyo ikuloledwa kusintha chiyani pa zimene anthu analirira kale. Otsatira anime amagwiritsa ntchito mawu akuti canon ponena zochitika zimene zimawerengedwa kuti zinachitikadi m'nkhani yeniyeniyo, ndipo mikangano yawo yambiri imazungulira pa mawu amenewa. M'munsimu muli mathero a mafilimu angapo, chifukwa nkhaniyi singafotokozeke popanda kuwaulula.

Filimu yosakhudza kanthu

Kale yankho linali lapafupi: filimu isasunthe chilichonse. Pakati pa 1989 ndi 1995 kampani ya Toei inatulutsa mafilimu 13 a Dragon Ball Z, ambiri osapitirira ola limodzi, oonetsedwa pa tchuthi cha ana asukulu limodzi ndi makatuni ena. Wolemba filimu yotere ankagwira ntchito m'malire opanikiza. Manga inkatuluka mlungu uliwonse m'magazini ya Weekly Shonen Jump, ndipo mwini wake, Akira Toriyama, sakanaima kudikira filimu. Zolemba za filimu zimamalizidwa miyezi yambiri isanaonetsedwe, choncho wolembayo sakanadziwa kuti pofika tsiku loonetsa ndani adzakhale atafa m'buku, ndani adzakhale kudziko lina. Njira yozembera vutoli inali kubweretsa mdani watsopano wochokera kutali, malo atsopano, ndi munthu mmodzi wofunika kupulumutsidwa. Mlendo ndi mame: pofika mphindi zomaliza onsewa amakhala atachoka. Palibe wa m'gulu amene amafa, palibe watsopano amene amalowa m'gulu, ndipo mphamvu yachilendo ikaoneka siitchulidwanso. N'chifukwa chake mafilimu ambiri a nthawiyo sakwana paliponse mukayesa kuwalowetsa m'ndondomeko ya nkhani. Mumapeza anthu ali pamodzi pa nthawi imene m'buku wina akudwala, wina ali paulendo, wina anamwalira kale.

Njirayi anthu amainyoza msanga, koma ili ndi ubwino wake. Mwana amene sanaonepo gawo lililonse amatha kulowa n'kusangalala, ndipo amene walephera kupita sataya kanthu. Chofooka chake chimaonekera kwa woonera wamkulu, amene amadziwiratu kuti palibe chingatayike. Nkhondo yopanda chotaya siigwira mtima ngakhale ijambulidwe mokongola chotani.

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene eni manga anayamba kulowa okha m'mafilimu. Mu 2009 Eiichiro Oda analemba yekha nkhani ya One Piece Film: Strong World, ndipo oonera anapatsidwa pakhomo kabuku kotchedwa Volume 0. Mdani wa m'filimuyo, Shiki, anatchulidwanso m'manga monga munthu amene anathawa m'ndende ya Impel Down zaka 20 m'mbuyomo. Apa panabadwa chinthu chapakatikati chimene chimasokoneza ambiri mpaka lero: munthuyo ndi weniweni m'nkhani, koma zimene anachita m'filimu sizinachitike m'buku. N'chimodzimodzi ndi Uta wa mu One Piece Film Red ya 2022, mwana woleredwa ndi Shanks. Oda anayang'anira filimuyo, pa TV panaikidwa magawo ofotokoza ubwana wa Uta ndi Luffy, mwininkhani wa One Piece, koma zochitika za pachilumba cha Elegia sizilowa m'ndondomeko ya ulendo wa m'manga. Wofunsa kuti Film Red ndi canon kapena ayi akufunsa funso limodzi pamene pakufunika awiri, lina la munthu, lina la zochitika.

Detective Conan ndiye katswiri wa masewera amenewa. Kuyambira 1997 filimu yake imatuluka chaka ndi chaka mu Epulo, kupatula 2020 pamene mliri wa Covid-19 unaikankhira ku 2021. Filimu iliyonse, nkhani itangoyamba pang'ono, imaima kaye. Nyimbo yodziwika ija imalira, ndipo Conan amafotokoza m'mphindi zochepa kuti iye ndi Shinichi Kudo, wofufuza milandu wa kusekondale amene anamwetsedwa mankhwala n'kusanduka mwana. Kenako amatchula zida zimene Pulofesa Agasa anamupangira, makamaka zimene zigwire ntchito m'filimuyo, ndi atengambali amene afunike kudziwika. Agogo amene angoperekeza mdzukulu amakhala atalandira zokwanira kuti atsatire. Wotsatira wakalekale naye sabwerera chimanjamanja, chifukwa mwini manga, Gosho Aoyama, amabisamo kanthu kamodzi koona. Mu filimu ya 2014, kumapeto, Subaru Okiya analankhula ndi mawu a Shuichi Akai manga isanaulule kuti ndi munthu mmodzi. Mu ya 2024 zinadziwika kuti bambo a Shinichi ndi bambo a Kaito Kid, mbala yotchuka ya m'nkhaniyo, ndi mapasa. Mlandu wa m'filimu umathera momwemo, koma kachinsinsi kamodziko kamatuluka nawo anthu.

Palinso olemba amene amasaka mpata umene nkhani yoyamba inasiya. Manga ya Dragon Ball imalumpha zaka 10 pakati pa kugonja kwa mdani Majin Buu ndi mitu yomaliza, ndipo Battle of Gods ya 2013 inakhazikidwa mumpata umenewo. The Last: Naruto the Movie ya Disembala 2014 inalowa pakati pa mutu 699 ndi 700 kuti ifotokoze mmene Naruto ndi Hinata anafikira pokwatirana. Mpata wotere uli ndi khoma kutsogolo kwake. Aliyense amene akuoneka wamoyo m'mathero akale sangafe pakatipa. Digimon inagunda khoma limeneli: mathero a Digimon Adventure 02 mu 2001 anaonetsa ana aja atakula, patatha zaka 25, ali ndi ma Digimon awo, pamene Last Evolution Kizuna ya 2020 inathera pa Taichi ndi Yamato kusiyana ndi Agumon ndi Gabumon. Oonera analira, koma ankadziwanso kuti kusiyanako kuyenera kudzatha tsiku lina kuti zigwirizane ndi mathero aja, ndipo kudziwa kumeneko kumachepetsa kulemera kwa misozi.

Filimu yosadumphika

Pa 16 Okutobala 2020 zinthu zinatembenuka. Demon Slayer inali itatha magawo 26 pa TV mu 2019, gawo lomaliza likuonetsa Tanjiro ndi anzake akukwera sitima. Filimu ya Mugen Train inayambira m'sitima momwemo. Sinali nkhani yapambali. Inali chigawo chotsatira cha manga, ndipo amene akanaidumpha akanapeza Kyojuro Rengoku, mmodzi wa akatswiri opha ziwanda, atamwalira kale osadziwa kuti zinatani. Inapeza mayeni (ndalama za ku Japan) oposa 40 biliyoni ku Japan kokha, kupitirira Spirited Away yomwe inali ndi oposa 31 biliyoni. Makampani atatu amene anaika ndalama, Aniplex, Shueisha ndi situdiyo ya ufotable, anaonetsa anzawo onse kuti chigawo chimene chikanaonetsedwa ulere pa TV chikhoza kugulitsidwa pa tikiti ya mayeni pafupifupi 2,000 kwa munthu aliyense, ndipo ena n'kubwerako kangapo.

Ambiri anaona ndalamazo, koma chimene chinapangitsa kuti zitheke ndi masamu a nthawi. Gawo limodzi la pa TV limatenga mphindi pafupifupi 24. Mukachotsa nyimbo yotsegulira ndi yotsekera, iliyonse ya masekondi 90, ndi kachidutswa kolengeza gawo lotsatira, mumatsala ndi mphindi 20 kapena 21, ndipo mmenemo mumalowa mitu iwiri kapena itatu ya manga. Mugen Train ili ndi mphindi 117, zomwe ndi magawo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo chigawo chake m'manga ndi mitu pafupifupi 13 ya m'mabuku 7 ndi 8. Zinakwanirana bwinobwino popanda kudula kapena kukoka. Kuwonjezera apo nkhaniyo ili ndi thupi la filimu mwachibadwa: malo amodzi, usiku umodzi, ndi imfa m'bandakucha. Yerekezani ndi Haikyu!! The Dumpster Battle ya Febuluwale 2024, imene inapanikiza masewero a volleyball a matimu a Karasuno ndi Nekoma, mitu yoposa 30, m'mphindi 85. Inayenda bwino pamalonda ndipo mpira womaliza, woonedwa ndi maso a Kenma, ndi wosaiwalika. Koma kuti zikwane anadula mbali zambiri za osewera ena, ndipo amene anadikira zaka kuti aone mphindi ya wosewera wawo anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Vuto lina ndi kayendedwe. Manga ya mlungu ndi mlungu imakonda kuimitsa nkhondo pakati n'kubwerera m'mbuyo kukafotokoza ubwana wa mdani. Pa TV izi zimakoma chifukwa pakati pali masiku 7 opumira. M'filimu yaitali ngati Demon Slayer: Infinity Castle yoyamba ya Julayi 2025, yomwe ili ndi mphindi pafupifupi 155, kubwereza kotereku kumamveka m'thupi la woonera: nkhondo, kukumbukira, nkhondo, kukumbukira. Situdiyo ikasintha dongosololi otsatira manga amati yawononga, ikalisiya ena amati filimu ikukoka. Palibe njira yokondweretsa onse, ndipo ufotable inasankha kukhala pafupi ndi buku.

Filimu yosadumphika imasiyanso dzenje kwa oonera TV okha. N'chifukwa chake mu Okutobala 2021 Mugen Train inadulidwanso kukhala magawo 7, loyamba lili latsopano, kuti mzere wa pa TV usaduke. Dragon Ball Super inachita zofanana mu 2015 pofotokozanso mafilimu awiri m'magawo 27 oyambirira, koma kumeneko zinthu zina zinasintha, monga malo a phwando la Bulma, ndipo zojambula za magawo ena zinali zotsika poyerekeza ndi za m'filimu. Zotsatira zake ndi mitundu iwiri ya chochitika chimodzi, yonse yovomerezeka.

Ikupitiriza iti?

Apa ndi pamene woonera watsopano amasochera kwambiri, ndipo olengeza mafilimu safotokoza mokwanira. Code Geass inatha pa TV mu 2008 ndi imfa ya Lelouch, mathero amene ambiri amawaika pakati pa abwino kwambiri. Pofuna kupitiriza, opanga sanagwetse mathero amenewo. Anamanga msewu wina pambali. Mu 2017 ndi 2018 anatulutsa mafilimu atatu obwereza magawo 50 aja mwachidule, ndipo mmenemo anachotsa nkhani ya Mao n'kusiya Shirley ali moyo. Filimu ya Lelouch of the Re;surrection ya Febuluwale 2019 ikupitiriza mafilimu atatuwo, osati TV. Amene anachokera ku TV molunjika anadabwa kumva za Shirley ngati wamoyo. Njirayi ndi yanzeru chifukwa amene amakonda mathero akale akhoza kuwasunga osakhudzidwa. Fullmetal Alchemist nayo ili ndi msampha wofanana: Conqueror of Shamballa ya 2005, yochitikira ku Munich mu 1923, ikutseka anime ya 2003 ndipo ilibe mgwirizano ndi Brotherhood ya 2009.

Chitsanzo chozama kwambiri chili mu Gundam. Filimu ya Char's Counterattack ya 1988 inatseka mkangano wa Amuro ndi Char umene unayamba mu 1979. Muli mnyamata wa zaka 13, Hathaway Noa, amene anakonda mtsikana dzina lake Quess. M'filimuyo Quess anaphedwa ndi chipolopolo cha Chan Agi, ndipo Hathaway mwaukali anawombera Chan, yemwe anali wa mbali yake yomwe. Koma Yoshiyuki Tomino analembanso nkhani yomweyo m'buku lotchedwa Beltorchika's Children, mmene Chan mulibe ndipo Hathaway ndi amene anapha Quess ndi dzanja lake. Mabuku a Hathaway's Flash a 1989 ndi 1990 akupitiriza bukulo. Pamene Shuko Murase ankapanga filimu ya Hathaway ya 2021, inamangirira pa filimu ya 1988, popeza ndi imene anthu ambiri anaona. Mwininkhani ndi yemweyo, zaka 12 zapita, akutsogolera gulu loukira boma pansi pa dzina lakuti Mafty, koma bala limene wanyamula ndi lina. M'buku ndi munthu amene anapha wokondedwa wake. M'filimu ndi munthu amene analephera kumupulumutsa kenako n'kupha wosalakwa. Chithunzi chilichonse chomuonetsa akukumbukira Quess chimatanthauza zosiyana malinga ndi kumene woonera wachokera. Umu ndi mmene kachinthu kamodzi ka mphindi imodzi mu 1988 kamalamulira filimu yopangidwa patatha zaka 33.

Ntchito ya m'situdiyo

Kugwirizana kwa nkhani sikuthera pa zolemba. Situdiyo iliyonse imasunga mapepala otchedwa settei. Pa pepala la mtengambali mmodzi pamakhala chithunzi chake chakutsogolo, cham'mbali ndi chakumbuyo, nkhope zake akakwiya, akaseka, akalira, ndi zovala zake mpaka mabatani. Pali pepala lina limene onse aimikidwa pamzere kuti aliyense wojambula adziwe wamtali ndani ndipo ndi mitu ingati. Palinso la mitundu, losonyeza khungu masana, madzulo ndi usiku, ndi la zipinda losonyeza kumene kuli khomo ndi zenera. Mwachitsanzo, Shanks wa mu One Piece alibe dzanja lamanzere ndipo ali ndi zipsera zitatu padiso lamanzere. Wojambula mmodzi mwa mazana akatembenuza chithunzi mosasamala, zipserazo zimasamukira kumanja, ndipo otsatira amaimitsa kanema n'kufalitsa chithunzicho tsiku lomwelo. Woyang'anira zojambula ndi amene amagwira zoterezi, poika pepala lopyapyala, kawirikawiri lachikasu, pamwamba pa chojambulacho n'kukonza mizere. Pamwamba pa onsewa pali kuyendera kwa eni nkhani, kumene ku Japan amati kanshu: mkonzi wa kukampani yosindikiza, nthawi zina ndi mlembi mwini, amawerenga zolemba ndi mapulani a zithunzi n'kubweza zimene zikutsutsana ndi zomwe akufuna kudzalemba m'tsogolo.

Pakadutsa zaka zambiri mapepala akalewo sathandiza okha. Anime ya m'ma 1980 inajambulidwa ndi penti pa mapulasitiki oonekera, pa chithunzi cha 4:3. Ya lero imapentedwa pa kompyuta, pa 16:9. Mafilimu atatu a Zeta Gundam a 2005 ndi 2006 anasakaniza zojambula za 1985 ndi zatsopano, ndipo m'chochitika chimodzi nkhope ya munthu imasintha kamera ikangotembenuka. Anasinthanso mathero kuti Kamille asasokonezeke mutu, zomwe zinachititsa kuti Gundam ZZ isalumikizike nawo. Evangelion ya 2007 inasankha njira yodula kwambiri, yojambulanso zonse potsatira kaimidwe ka zithunzi zakale.

Koma chimene chimakhudza anthu kuposa nkhope ndi mawu. Masako Nozawa wakhala akulankhulira Goku, mwininkhani wa Dragon Ball, kuyambira 1986, ndipo kwa anthu a ku Japan mawu akewo ndiye Goku. Imfa ikalowererapo anthu amamvetsa: Hiromi Tsuru, wolankhulira Bulma, atamwalira mu Novembala 2017, Aya Hisakawa analowa m'malo mwake popanda phokoso. Zimavuta pamene akalewo ali moyo. The First Slam Dunk, filimu ya masewero a basketball, inalengeza mwezi umodzi isanatuluke, matikiti ogulitsiratu atayamba kale kugulidwa, kuti olankhulira osewera asanu a timu ya Shohoku ndi atsopano onse. Anthu analavula zakukhosi pa intaneti, ena akuti anawagwiritsa fuwa lamoto. Filimu itatuluka pa 3 Disembala 2022 zinaonekanso kuti mwininkhani si Sakuragi ngati kale koma Ryota Miyagi, ndi nkhani yatsopano ya banja lake ku Okinawa, ndiponso kuti osewera akuyenda ndi zojambula za 3D. Zitatu zonsezi ndi zinthu zimene otsatira akale amakana. Komabe inapitirira mayeni 15 biliyoni ku Japan. Chifukwa chake n'chakuti inapereka chinthu chimodzi chimene anthu anadikira kuyambira 1996, masewero a Shohoku ndi Sannoh amene anime ya pa TV sinafikepo, ndipo amene anaitsogolera anali mlembi mwini, Takehiko Inoue. Masekondi omaliza a masewerowo, amene m'manga alibe mawu, m'filimu nawonso anasiyidwa pafupifupi chete. Pamenepo ndi pamene wotsatira wakale anazindikira kuti chimene ankachikonda chasungidwa.

Zimene anthu amakhululuka ndi zimene sakhululuka

Mukayang'ana milandu yonseyi pamodzi, zimaoneka kuti otsatira sakwiya ndi kusintha kulikonse. Broly, mdani wa m'filimu ya Dragon Ball Z ya 1993, ankadana ndi Goku chifukwa chakuti ali makanda Goku ankalira pafupi naye. Toriyama atamulembanso mu Dragon Ball Super: Broly ya Disembala 2018, anamusandutsa munthu wofatsa wokulira kudziko lachipululu, womangidwa mkanda wamagetsi m'khosi ndi bambo ake. Pafupifupi aliyense analandira Broly watsopanoyu, chifukwa chimene chinachotsedwa chinali chofooka. Filimu yomweyo inasinthanso Bardock, bambo a Goku. M'filimu ya pa TV ya 1990 anali msilikali wouma mtima, ndipo mwana wake anatumizidwa ku Dziko Lapansi kuti akaliwononge. Tsopano anakhala bambo amene, pamodzi ndi mkazi wake Gine, akuthawitsa mwana kuti apulumuke. Apa ambiri anadandaula, ndipo dandaulo lawo lili ndi maziko: mphamvu ya nkhani ya Goku inali yakuti mwana wotumidwa kudzapha anasanduka mtetezi. Kusinthako kunakhudza tanthauzo, osati mbiri chabe.

Muyezo womwewu umathandiza pa Puella Magi Madoka Magica. Magawo 12 a 2011 anatha Madoka atadzipereka kuti apulumutse atsikana onse amatsenga, n'kufufutika m'chikumbumtima cha aliyense kupatula mnzake Homura. Filimu ya Rebellion ya Okutobala 2013 inathera pa Homura kugwira Madoka manja pamene anabwera kudzamutenga, n'kumung'amba kumuchotsa ku umulungu wake, n'kulenganso dziko kuti amusunge. Otsatira anagawikana pakati. Koma filimuyi inakonzekera mathero ake poyera. Pali chochitika cha m'munda wa maluwa pamene Madoka, atayiwala zonse, akuuza Homura kuti sangapirire kusiyana ndi abale ndi anzake. Homura akumva zimenezi ngati umboni wakuti analakwa kumulola kudzipereka. Mtsikana amene anabwereza mwezi umodzi kambirimbiri chifukwa cha munthu mmodzi sakanamva mawu amenewo n'kukhala chete. Rebellion imapweteka, koma inamera pa khalidwe la Homura, ndipo nsembe ya Madoka sinasanduke bodza. Kubweza Okita ndi nkhani ya dokotala wolakwitsa ndi chinthu china: kumauza amene analira mu 1975 kuti analirira pachabe. Vuto lenileni la Rebellion ndi lakuti inatsegula khomo n'kulisiya. Filimu yotsatira inalengezedwa mu 2021 ndipo tsiku lake lotulukira linasunthidwa kangapo.

Violet Evergarden ya Seputembala 2020, imene Kyoto Animation inamaliza pambuyo pa moto wa Julayi 2019 umene unapha anthu 36 a pasitudiyoyo, ili pakati pa ziwirizi. Pa TV Violet anaphunzira kukhala moyo popanda Gilbert, mkulu wake wa usilikali amene anasowa pankhondo. Filimu inamupeza Gilbert ali moyo pachilumba. Ena anaona mphotho ya kudikira kwake, ena anaona kuti kukula kwake kwabwezedwa m'mbuyo, ndipo mbali zonse zikuwerenga nkhani imodzimodziyo molondola.

Evangelion ndi imene inayesa kuleza mtima kwa anthu kufika pamapeto. Mafilimu atsopano a Hideaki Anno anayamba mu 2007 ngati kubwereza nkhani ya 1995, ndipo yachiwiri ya 2009 inapatuka n'kuthera pa Misato akulimbikitsa Shinji kuti apulumutse Rei. Pambuyo pa mayina a opanga panaonetsedwa kachidutswa ka zimene zikubwera. Yachitatu itatuluka mu 2012, zithunzi za m'kachidutswako munalibe. Nkhani inalumpha zaka 14, Misato yemwe uja anali wozizira, Shinji anavekedwa mkanda wa bomba m'khosi, ndipo palibe amene anamufotokozera chimene chinachitika. Cholinga chinali chakuti woonera asokonezeke pamodzi ndi Shinji, ndipo chinatheka, koma anthu anakhala ndi chisokonezocho zaka zoposa 8 mpaka filimu yomaliza inatuluka pa 8 Malichi 2021. Iyo inayamba ndi kachidule ka mafilimu atatu apitawo, inapatsa Shinji nthawi yaitali m'mudzi wa anthu opulumuka mmene anzake akusukulu anali atakula n'kukhala ndi mabanja, ndipo inapitirira mayeni 10 biliyoni.

Zina mwa zimene zinasoweka sizinabwere m'filimu ayi. Zinabwera pakhomo la sinema. Ku Japan oonera amapatsidwa mphatso polowa, ndipo mphatsozo zimasinthidwa pakapita milungu kuti anthu abwerenso. Nthawi zambiri ndi khadi kapena chithunzi, koma nthawi zina ndi kabuku konyamula nkhani yeniyeni. Mugen Train inagawa makope 4.5 miliyoni a kabuku kofotokoza ntchito yoyamba ya Rengoku. Jujutsu Kaisen 0, yomwe inatuluka pa 24 Disembala 2021 kuti igwirizane ndi tsiku la nkhondo ya m'nkhaniyo, inali ndi kabuku kake ka Volume 0.5. Evangelion mu Juni 2021 inagawa kabuku ka masamba 36 komwe munali manga yaifupi yoonetsa Asuka ndi Mari maola awiri filimu yachitatu isanayambe. Woonera wakunja, amene filimu imamufika patapita miyezi kudzera pa intaneti, timabuku timeneti satiwona, choncho amakangana ndi anzake za mipata imene ku Tokyo inatsekedwa ndi pepala la m'manja. Kankhani ka Asuka ndi Mari kanadzafika kwa ena onse mu Malichi 2023, pamene kanaikidwa pa Blu-ray pamodzi ndi kafilimu kena kakafupi kochitika maola 46 filimu yachitatuyo isanayambe.